KANEMA WACHOKA PA CHINSALU, WALOWA M'THUMBA

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndinapita kukacheza kwa amalume anga m'tauni. Agogo anga aakazi, amene kwawo ndi ku Kasungu, analinso komweko popeza anabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso. Tsiku lina titatha kudya chakudya cha madzulo, amalume anatulutsa foni yawo ya m'manja, anaitsamiritsa pa chitini cha shuga, ndipo anati, "Amayi, sendererani kuno muone kanema wa kwanu." Agogo anaseka poganiza kuti mwana wawo akungowanamiza. Kwa iwo kanema ndi chinthu chachikulu chofuna chinsalu choyera ndi jenereta, ndiye angalowe bwanji m'kachinthu kokwana m'thumba la malaya?

Kanemayo dzina lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind. Nkhani yake ndi ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Iye sanagwe mphwayi. Anayamba kuwerenga mabuku a sayansi m'laibulale, ndipo anapanga makina oyendera mphepo opereka magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga. Anatsogolera ntchito yojambula kanemayu ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa ku Britain amene makolo ake anachokera ku Nigeria. Anajambulira kuno ku Malawi, ndipo kampani ya Netflix inamutulutsa mu 2019.

Poyamba agogo ankangoseka Chichewa cha ena mwa ochita sewerowo. Anati chikuwakumbutsa ulaliki wa ansembe ongofika kumene kuchokera ku Ulaya. Koma itafika mbali yoonetsa njala, anthu akulimbirana chimanga, anakhala chete, pakuti chaka chimenecho iwo anachiona ndi maso awo. Kanema atatha anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga anzanga kumudzi angamuone bwanji ameneyu?" Amalume anakanda mutu, chifukwa analibe tepi kapena chimbale choti agogo angaike m'chikwama chawo. Funso limeneli ndi limene linandichititsa kufufuza zimene zachitika ndi kanema masiku ano, ndipo ndafuna kuti ndikugawireniko zimene ndinapeza, inu awerengi a magazini yathu ino.

KALE KANEMA ANKASENZEDWA

Ambiri amawerengera chiyambi cha kanema kuchokera pa 28 Disembala 1895, pamene abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo mu mzinda wa Paris. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 100, kanema anali lamba wautali wokhala ndi tizithunzi tambirimbiri tondondozana. Makina ankadutsitsa tizithunzi 24 pa sekondi iliyonse kutsogolo kwa nyali yowala kwambiri, ndipo diso la munthu linkaona ngati anthu a pachinsalu akuyendadi. Lamba ameneyu anali wokwera mtengo, wolemera akamukulunga, ndiponso ankakandika akamuonetsa kawirikawiri. Kuti kanema afike kutali, panafunika munthu womusenza ndi galimoto yomunyamula. Agogo amakumbukira galimoto ya boma imene inkabwera pa bwalo la sukulu usiku kudzaonetsa kanema wa zaulimi, mudzi wonse utakhala pansi.

Wailesi yakanema inabweretsa zithunzi m'nyumba, komabe inali ndi lamulo lake. Nyumba youlutsira ndiyo inkasankha pologalamu ndi nthawi yake, ndipo munthu akachedwa, basi zamupita. Kuno kwathu inafika mochedwa ndithu, pakuti Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Bambo anga akuti ali mnyamata ankalipira timakobidi kuti alowe m'vidiyo sho pamsika, mmene ankaonera nkhonya ndi karate pa tepi ya VHS. Tepiyo ikatha ankayamba aibweza kaye kuti gulu lina lionere. M'njira zonsezi muli zinthu ziwiri zofanana. Kanema anali chinthu chogwirika ndi manja, ndipo anthu ankamuonera pamodzi pa nthawi imodzi.

KODI DIJITO N'CHIYANI?

Mawu akuti dijito amachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza manambala. Mukayandikira kwambiri galasi la foni kapena la wailesi yakanema muona kuti chithunzi chapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Kamera ya dijito imayeza kuwala ndi mtundu wa kadontho kalikonse n'kulemba muyeso umenewo m'manambala, ndipo kompyuta imasunga manambalawo pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Mawu nawonso amalembedwa chimodzimodzi. Choncho kanema wa dijito ndi mndandanda wautali wa manambala.

Pamenepa pakutuluka zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, manambala satha ngati lamba kapena tepi. Mukakopera tepi kuchokera ku tepi inzake chithunzi chimafooka, koma mukakopera manambala, kope la chikwi limafanana ndendende ndi loyamba. Chachiwiri, manambala angathe kufupikitsidwa. Tiyerekeze kuti munthu akulankhula ataima patsogolo pa khoma. Khomalo silikusuntha, ndiye palibe chifukwa cholilemba kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kompyuta imalemba khomalo kamodzi, kenaka n'kumangolemba zimene zasintha, monga milomo ndi manja. Nzeru imeneyi ndiyo imachititsa kuti kanema wa maola awiri akwane pa kamemore khadi kochepa ngati chikhadabo.

Dijito inasintha kapangidwe ka kanema. Mu 1995 kunatuluka Toy Story, kanema wamtali woyamba wopangidwa yense pa kompyuta. Mu 2002 George Lucas anatulutsa gawo la Star Wars lotchedwa Attack of the Clones, limene analijambula ndi makamera a dijito. Kampani ya Kodak, imene inalemera ndi malonda a lamba wa zithunzi, inalengeza mu 2012 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Pofika 2018, Steven Soderbergh anajambula kanema wathunthu wotchedwa Unsane ndi foni ya iPhone. Ntchito yodula ndi kulumikiza zigawo, imene kale inkafuna lumo ndi zomatira, tsopano imachitika pa laputopu.

Ife a mu Africa kutsika mtengo kumeneku kwatithandiza. Ku Nigeria, kanema wa m'chilankhulo cha Igbo wotchedwa Living in Bondage anatuluka pa tepi mu 1992 ndipo anagulidwa kwambiri. Ambiri amati pamenepo ndi pamene panayambira Nollywood, imene inadzakula zedi atabwera makamera a dijito ndi zimbale. Kuno kwathu a Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Achinyamata ambirinso akujambula zisudzo zawo ndi foni n'kuziika pa YouTube ndi Facebook popanda kupempha chilolezo kwa mkulu wa nyumba youlutsira mawu.

Wailesi yakanema nayonso inasamukira ku dijito. Maiko a mu Africa ndi Ulaya anagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti asiye njira yakale youlutsira pofika pa 17 Juni 2015, ngakhale ambiri anachedwa kukwaniritsa. Ubwino wake ndi wakuti mpata wa mumlengalenga umene kale unkanyamula tchanelo imodzi tsopano umanyamula matchanelo angapo. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri muli kabokosi kotchedwa dikoda, monga ka Kiliye Kiliye, kamene ntchito yake ndi kusandutsa manambala aja kukhala zithunzi ndi mawu.

CHIDEBE NDI MPOPI

Tsono tifike pa njira imene amalume anagwiritsa ntchito, yotchedwa streaming. Pali njira ziwiri zotengera kanema pa intaneti. Yoyamba ili ngati kutunga madzi m'chidebe. Umadikira chidzaze, kenaka umapita nacho kwanu n'kusunga. Yachiwiri ili ngati kumwa pa mpopi. Madzi akubwera, iwe ukumwa, ndipo ukatseka mpopi sutsala ndi kanthu. Streaming ndi mpopi umenewu. Kanema amakhala pa makompyuta akuluakulu a kampani, ndipo amabwera ku foni yako m'tizidutswa ta masekondi ochepa. Foni imasunga tizidutswa tingapo patsogolo kuti chithunzi chisaime. Netiweki ikafooka, kampani imatumiza tizidutswa topepuka, n'chifukwa chake nkhope zimayamba kuoneka mwachimbuuzi. Ikafookeratu, pagalasi pamabwera kaja kozungulirazungulira kamene tonse timadana nako.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Netflix inayamba mu 1997 ku California ngati kampani yobwereketsa zimbale za DVD kudzera pa positi. Nthawi imeneyo mfumu ya malonda amenewa inali Blockbuster, imene inafika pokhala ndi masitolo pafupifupi 9,000. Netflix inayamba streaming mu 2007, ndipo pofika 2010 Blockbuster inali itagwa. Mu Januwale 2016 Netflix inatsegula ntchito zake m'maiko ena 130 tsiku limodzi, kuphatikizapo maiko ambiri a mu Africa. Pakutha pa 2024 inali ndi olembetsa olipira oposa 300 miliyoni. YouTube, imene inayamba mu 2005, inatenga njira ina. Aliyense angathe kuikapo kanema wake, oonera ambiri salipira, ndipo ndalama zimachokera kwa otsatsa malonda. Bungwe la Nielsen, limene limawerengera oonera ku America, linapeza kuti mu Meyi 2025 streaming inatenga magawo 44.8 pa 100 alionse a nthawi yoonera wailesi yakanema, kuposa njira zakale zoulutsira zitaphatikizidwa pamodzi.

ZIMENE ZASINTHA KWA OONERA NDI OPANGA

Chinthu choyamba chimene chatha ndi ndondomeko ya nthawi. Mu Febuluwale 2013 Netflix inatulutsa zigawo zonse 13 za sewero la House of Cards tsiku limodzi. Kale munthu ankadikira sabata yathunthu kuti aone gawo lotsatira, ndipo m'sabatayo ankakambirana ndi anzake zimene zingachitike. Tsopano gawo likatha, lina limayamba lokha pakangopita masekondi ochepa. Ndivomere kuti pa tchuthi chomwecho tsiku lina ndinagona atambala akulira, ndikudziuza kuti ndingoonako gawo limodzi lokha.

Chachiwiri ndi nkhani ya kusankha. Makampaniwa amati woonera ndiye mfumu. Komabe kompyuta yawo imalemba zonse zimene waonera, pamene unasiyira, ndi nthawi imene umakonda kuonera. Kenaka imakuyerekeza ndi anthu ena a zokonda zofanana ndi zako n'kukuikira patsogolo makanema amene ikuganiza kuti sungawakane. Amalume atatsegula foni yawo ndinaona makanema a nkhondo okhaokha, pamene ya azakhali inali yodzaza ndi masewero a ku Nigeria. Cholinga cha kompyutayo ndi chakuti usachoke, pakuti ukapitiriza kuonera upitirizanso kulipira. Imadziwa zimene zimakukoka, koma sifunsa ngati zikukupindulira.

Chachitatu ndi chokondweretsa. Malire a zilankhulo ayamba kugwa. Sewero la ku South Korea lotchedwa Squid Game linatuluka mu 2021 ndipo linaoneredwa padziko lonse ndi anthu osadziwa ngakhale liwu limodzi la Chikoreya, chifukwa cha mawu omasulira olembedwa pansi pa chithunzi. Momwemonso anthu a ku Brazil kapena ku Japan anamva Chichewa m'nkhani ya Kamkwamba. Mu 2022 kanema wotchedwa CODA, wa kampani ya Apple, anakhala woyamba wa streaming kupata mphoto ya Oscar ya kanema wopambana onse.

Koma si onse amene akusangalala. Nyumba zoonetsera kanema zinatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo anthu ambiri anazolowera kuonera kunyumba. Olemba nkhani ndi ochita masewero nawonso anadandaula. Kale pologalamu ikabwerezedwa pa wailesi yakanema iwo ankalandirako kangachepe, koma pa streaming malipiro amenewa anachepa. Mu 2023 olemba a ku Hollywood ananyanyala ntchito kwa masiku 148, ndipo ochita masewero kwa masiku 118. Nkhani ina imene anakangana ndi mabwana awo inali ya nzeru zopangira za kompyuta, zimene zingathe kulemba nkhani kapena kutengera nkhope ndi mawu a munthu. Oonera nawo apeza kuti makampani achuluka, aliyense ndi makanema ake ndi mtengo wake pamwezi. Ngakhale kutsatsa malonda kumene anthu ankakuthawa kwabwereranso, pakuti mu 2022 Netflix inayambitsa m'maiko ena mtengo wotsikirapo wokhala ndi malonda. Ndiponso kanema wa pa mpopi si wako. Kampani ikamuchotsa, kapena iwe ukasiya kulipira, watha.

NANGA IFE KUNO?

Tibwerere ku funso la agogo. Kuti munthu aonere pa streaming afunika zinthu zinayi: foni yamakono, magetsi oitchajira, netiweki yamphamvu, ndi ndalama. Ndalamazo n'zapawiri, za kampani ya kanema ndi za bandulo. Netflix yomwe imanena kuti ola limodzi la chithunzi chapakatikati limadya pafupifupi gigabaiti imodzi, ndipo chithunzi chowala bwino chingadye mpaka magigabaiti atatu. Kanema wa Kamkwamba ndi wa pafupifupi maola awiri. Mlimi amene akusunga ndalama ya feteleza sangaitaye pa zimenezi. Choncho zikutheka kuti munthu wa ku London waona Wimbe pa kanema, pamene munthu wa ku Wimbe komweko sanamuone.

Amalawi sanakhale manja lende. M'misika yathu muli anyamata a makompyuta amene amaika makanema pa memore khadi kapena pa fulashi pa mtengo wochepa. Enanso amamasulira makanema a ku China, India ndi America m'Chichewa, akuwonjezerapo nthabwala zawo, mwakuti ngakhale amene sanapite kusukulu amatsatira nkhani. Luso limeneli n'losiririka ndithu. Koma tinene zoona, kukopera kotereku kumachitika popanda chilolezo cha eni ake. Kampani yaikulu ya kunja mwina siimva kuwawa, koma Mmalawi amene anagulitsa mbuzi zake kuti ajambule kanema amapeza ntchito yake ili m'mafoni a anthu onse iye osalandirapo ngakhale tambala.

Makampani akunja aonetsako chidwi pa nkhani za mu Africa. Netflix inagula kanema wa Genevieve Nnaji wa ku Nigeria wotchedwa Lionheart mu 2018, ndipo mu 2020 inatulutsa sewero la ku South Africa lotchedwa Queen Sono. Komabe amene amasankha nkhani yoti ipatsidwe ndalama amakhala kutali, ndipo amayang'ana kumene kuli olipira ambiri. Kumayambiriro a 2024 kampani ya Amazon inasiya kulamula makanema atsopano a mu Africa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati tifuna nkhani zathu m'chilankhulo chathu, tiyenera kuzilemba, kuzijambula ndi kuzilipira tokha.

MAWU KWA MAKOLO NDI ANZANGA

Kuno ku seminale saloleza mafoni, ndipo kanema timaonera Loweruka madzulo m'holo. Kale ndinkadandaula kuti bwanji tonse tionere chinthu chimodzi chimene wasankha ndi wina. Tsopano ndaona ubwino wake. Wina akaseka tonse timaseka, ndipo m'mawa mwake pa phala timatsutsana za amene analakwa m'nkhaniyo. Kanema amatha pa nthawi yake, belu limalira, timakagona. Pa foni palibe belu.

Inu makolo, kale wailesi yakanema inali pabalaza ndipo munkaona zimene mwana akuonera. Lero ili pansi pa bulangete. Kulanda foni kokha sikukwanira, pakuti mnzake ali nayo ina. Mufunseni mwana zimene akuonera, nthawi zina muonere naye limodzi, ndipo mugwirizane ola lozimitsa. Mapologalamu ambiri ali ndi malo otsekera zosayenera ana, ndipo ngati simudziwa katsekedwe kake funsani achibale odziwa. Inu anzanga, tisanatsegule foni pa tchuthi tiyambe tadziwa chimene tikufuna kuonera, chikatha titseke. Ndipo amene muli ndi luso la zisudzo, limene timaliona pa masiku a zisangalalo, dziwani kuti chida chojambulira chili kale m'matumba a abale anu.

Funso la agogo linayankhidwa motere. Amalume anakumbukira kuti Netflix imalola kusunga kanema m'foni kwa masiku owerengeka. Anamutunga m'chidebe usiku pamene bandulo imatsika mtengo, ndipo powaperekeza agogo kumudzi ine ndinapita nawo. Madzulo anthu oposa khumi anakhala pa mphasa pakhonde, foni itatsamira pa mtondo, kasipika kakang'ono kali pambali. Akumbuyo sankaona bwino, ndiye akutsogolo ankawafotokozera. Kanema atatsala pang'ono kutha batire linatha, ndipo tinamaliza m'mawa mwake titatchaja pa sola ya aphunzitsi. Agogo ena aamuna anati chaka cha njala chija anataya ana awiri, ndipo anayamba kusimba zimene kanemayo sanaonetse. Tinakhala pomwepo kumvetsera mpaka dzuwa linafika pamutu.